Bambo woluka uja ndine

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhe nkhani imene yakhala ikunditsata kwa masabata atatu tsopano. Mnyamata wina amene anakwera minibasi yochokera ku Lilongwe kupita kuboma kwathu ku Mchinji anandijambula pa foni galimoto yawo itaima pa Kamwendo kutsitsa anthu. Pachithunzipo ndakhala pansi pa mtengo pamene ndimagwirira ntchito, njinga ya kasitomala ili chagada pambali panga, koma m'manja mwanga mulibe sipanala. Muli singano yolukira ndi ulusi wachikasu. Chithunzicho chayenda m'magulu a WhatsApp mpaka chinakafika kwa mwana wanga amene ali ku Kasungu, pansi pake atalembapo kuti, "Madala awa anadya khuzumule."

Bambo woluka uja ndine. Khuzumule sindinadye, ndipo sindikulemba kuti ndimudandaulire mnyamatayo, ubwana ndi choncho. Chimene chandikhudza n'chakuti ngakhale anzanga a imvi ngati ine akuseka nawo, ngati kuluka ndi masewera a amayi osowa chochita. Ndiye ndati ndifotokoze zimene kasingano kameneka kachita pakhomo panga, aliyense aweruze yekha.

Njinga ndinayamba kukonza mu 1998. Mu Meyi 2016, anthu ali kalikiliki kukumba mtedza, ndinagwa pa njinga nditamanga matumba awiri pa keliyala, mwendo wakumanzere n'kuthyoka m'munsi mwa bondo. Anandiika chikhakha. Munthu wozolowera kudzuka tambala woyamba, kumukhazika pakhonde miyezi iwiri ndi theka akungowerenga nkhuku za eni ake, n'chilango. Bawo ndinasewera mpaka anzanga anayamba kulambalala pakhomo panga. Otsala nane anali mayi akunyumba, iwo ali pamphasa ndi ulusi wawo, ine ndikungoyang'ana zala zawo zikuvina.

Singano yawo inali imodzi yokha, yachitsulo, yosiyidwa ndi apongozi anga amene anaphunzira kuluka m'magulu a amayi nthawi ya CCAM, bungwe lija la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi limene linayamba mu 1985 motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira. Tsiku lina kamdzukulu kathu kanaitenga kukatokosera una wa nkhululu, osabwera nayo. Anasesa bwalo lonse, osaipeza. Mayi anakhala duu tsiku lathunthu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti bola mkangano kusiyana ndi kukhala chete kotereko. Madzulo ndinati, "Mayi, tanditengerani chitini cha masipoko chija." Iwo amvekere, "Bambo, sipoko ndi ya njinga. Mukufuna mundiboole zala?" Koma anabweretsa.

Kwa amene angafune kuyesa, kapangidwe kake n'kotere. Sipoko ya njinga wamba imanenepa mamilimita 2, ndipo saizi imeneyi imayenerana ndi ulusi wowonda. Mumadula kachidutswa kotalika kuposa chikhatho pang'ono, masentimita 15 kapena kuposerapo. Nsonga imodzi mumaipala ndi tupa kuti ibulungike, isasongoke ngati muvi koma ikhale ngati mutu wa machesi. Kenako m'munsi pang'ono mwa mutuwo mumacheka mopendeketsa ndi kasowo kodulira zitsulo, kulekeza pa theka, kuti patuluke kangowe. Ntchito yeniyeni ndi kusalaza: sandipepala, kenako kansanza ndi phulusa, mpaka kangowe kaja kadutse pa nsalu osakoka ulusi ngakhale umodzi. Kogwirira mumakulungako mphira ya chubu chakutha kuti zala zisachite matuza. Yoyamba inkadula ulusi. Yachiwiri inathyoka pakhosi chifukwa ndinacheka mopitirira. Yachinayi ndi imene mayi akulukira mpaka lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulusi wonenepa umafuna singano ya mamilimita 4 kapena 5, ndipo imeneyo ndimasema ku nsungwi kapena ku mpini wa mswachi wakutha.

Koma wosula khasu amaliyesa m'nthaka. Kuti ndidziwe ngati singano yagwira, ndinayenera kukoka nayo ulusi ndekha. Mayi anandigwira dzanja nati, "Poyambira pake ndi tcheni." Ndinaseka mpaka mwendo unapweteka m'chikhakha. Zaka 18 ndikulumikiza matcheni a njinga, lero ndiphunzitsidwe tcheni ndi mayi akunyumba! Ndiye kuyamba kwake kumeneko.

Kuluka kuli pawiri, ndipo ambiri amasokoneza. Kwina n'kwa singano ziwiri zazitali, kolukira majuzi a ana asukulu; maso onse a ulusi, timalupu timene timakokedwa poluka, amakhala ali pa singano, ndipo singano ikasololoka, mzere wonse uli pamavuto. Kwina n'kwa singano imodzi ya kangowe, kumene Angerezi amati crochet. Apa diso lamoyo limakhala limodzi lokha. N'chifukwa chake kumandiyenera ine. Kasitomala akabwera ndi tayala lophwa, ndimangokoka diso lija litalike, kuika pansi, kumata chubu, kusamba m'manja, n'kupitiriza pomwe ndinalekezera. Ukalakwitsa umangokoka ulusi n'kubwerera pamene panalakwika. Ungathe kuluka chozungulira, chathyathyathya, kapena chokhala ngati thumba, osasoka paliponse. Majuzi a m'sitolo amalukidwa ndi makina, koma kalukidwe aka ka singano imodzi n'ka manja. Mukaona chinthu cholukidwa motere, dziwani kuti pali munthu amene anachikhalira pansi.

Chinthu choyamba chimene ndinamaliza chinali kathumba ka sopo. Musaseke. Pakhomo pathu tili ndi mpondagiya pafupi ndi chimbudzi monga amatiuzira alangizi azaumoyo, koma sopo sankakhalitsa. Ukamuika pa mwala mbuzi yanyambita, usiku khoswe wakoka, masana ana amugwetsera m'matope. Tsono tinkangosamba madzi okhaokha n'kumadzinamiza kuti tasamba. Ndinaluka kathumba ka maso akuluakulu ndi ulusi wosolola ku chiguduli, n'kuikamo tizidutswa tonse ta sopo totsala pochapa, n'kukamangirira pa mtanda wa mpondagiya pamene mbuzi singafikire. Umangokafikisa m'manja, thovu n'kutuluka. Tizidutswa timene kale tinkathera kuseri kwa bafa tsopano timagwira ntchito mpaka kutsala fungo lokha. Anansi anayamba ndi kuseka, kenako kubwereka, kenako kutumiza ana ndi ziguduli zawo kuti agogo alukenso kena.

Ulusi wa chiguduli womwewo ndimalukira zotsukira mapoto ndi mbale. Chiguduli chongodula chimayoyoka, timaulusi take n'kumapezeka m'ndiwo. Cholukidwa chimagwirana, chimatha miyezi, ndipo ukachikoloweka pathandala chimauma msanga osanunkha. Chenjezo langa n'lakuti thumba la feteleza kapena limene munasungiramo chimanga chothira mankhwala lisayandikire mbale. La shuga kapena la ufa ndiye labwino. Majumbo nawo timawadula mizeremizere n'kuwalumikiza, kulukira zopondera pakhomo ndi zikwama zopitira kumsika. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nalo mu 2019, koma wodutsa pamsika aliyense akudziwa kuti majumbo akadali mbwee, ena ali m'mimba mwa mbuzi zathu. Chikwama chimodzi chimandidyera majumbo oposa 40, ndipo chimanyamula tomato ndi usipa chaka chathunthu.

Zina n'zing'onozing'ono. Anyamata a kabaza amagula kwa ine zovindikira chishalo. Amene amaseka kwambiri m'mawa ndi omwe amabwera madzulo mwakachetechete kudzafunsa kathumba ka foni kokoloweka m'khosi. Adzukulu anga sanyamuliranso makope m'pepala la shuga. Jagi ya thobwa ili ndi chovindikira chake cha mikanda m'mphepete, ntchentche zimangozungulira n'kubwerera.

Pali pomwe ndinapsa, kapena ndinene zoona, pomwe ndinawotcha mnzanga. Ndinaluka zogwirira poto ziwiri ndi ulusi wofiira wogula m'sitolo, zokongola zedi, n'kuwapatsa mayi monyadira. Tsiku loyamba lomwe, akuphula poto wa nyemba pa mbaula, nsonga ya chogwirira inakhudza khala. Sichinayake ngati nsalu ayi. Chinasungunuka n'kumatirira pa chala chawo chachikulu. Chipsera chilipo mpaka lero, ndipo pakakhala kusamvana pang'ono m'nyumba chimatulutsidwa ngati umboni kukhoti. Ndi pamene ndinadziwa kuti ulusi wambiri umene timautcha wulu m'masitolo mwathu si ubweya wa nkhosa, ndi acrylic, mbale wake wa pulasitiki. Kuyesa kwake n'kosavuta. Dulani kachidutswa, kayatseni ndi machesi panja. Wa thonje umayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lowauka, ndipo umazima wokha. Wa pulasitiki umakhwinyata, kusungunuka, n'kusiya kanthu kolimba kakuda ngati njere ya therere. Chilichonse choyandikira moto chilukidwe ndi thonje basi, ndipo chikhale chophatikiza pawiri. Ine ndimadula masikipa akutha a thonje mizeremizere n'kulukira singano ya nsungwi ija.

Nkhani ya ulusi ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri. Thonje timalima ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, koma ulusi wolukira umene ndimaupeza m'masitolo ndi wochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kampira kamodzi ka magalamu 100 unafika poboola m'thumba. Ena amakaoda ku Lilongwe, ena amadutsa pa Mwami kukayang'ana ku Chipata, koma ukawerengera thiransipoti, phindu lathera m'njira. Ife fodya wathu ndi amene ali pamphuno, ndipo dzina lake ndi kaunjika.

Ndikapita pa kaunjika sindiyang'ana juzi yokongola. Ndimafuna ija yaikulu, ya chimphona cha ku Ulaya, yobooka pachigongono, imene wogulitsa wataya nayo mtima. Ndimaitembenuza n'kuyang'ana msoko. Ngati anachita kudula nsalu n'kupititsa makina m'mphepete ngati pa sikipa, isiyeni, ikupatsani timaulusi tifupitifupi topanda ntchito. Koma ngati zigawo zake zinalukidwa pachokhapachokha n'kulumikizidwa ndi kamsoko kooneka ngati tcheni, mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Mumamasula msoko, kupatula mikono, chakutsogolo ndi chakumbuyo, n'kuyamba kuphwasula kuchokera kuphewa kutsikira m'munsi. Mukayambira kumunsi ulusi umakana. Umatuluka wopotanapotana ngati ndevu za dzungu. Timaukulunga pa miyendo ya mpando wogadamiza, kuumanga malo anayi kuti usasokonekere, kuuviika m'madzi ofunda a sopo, kuutsukuluza, n'kuuyanika pamthunzi titamangirira kamwala kunsi kuti uwongoke. Ukauma timaukulunga pa chitsononkho. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imatipatsa tizipewa ta makanda toposa khumi. Ntchito yophwasula ndi ya adzukulu, ndipo amachita kulimbirana, poti ndi tsiku lokhalo limene amaloledwa kuwononga chovala osakalipiridwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Juni 2022, kuzizira kwa kuno ku Mchinji kuli pachimake, kuja mame amachita kuluma zala m'mawa, mwana wanga wamkazi wachiwiri anachira masiku asanakwane, pakati pali pa miyezi isanu ndi iwiri ndi masabata. Khanda linalemera makilogalamu 1.6. Mayi akunyumba ndiwo anali gadiyani, ndipo anandiimbira foni madzulo: "Bambo, anamwino akuti mwana akufunika chipewa ndi masokosi. Ndayenda masitolo onse, tizipewa tonse tikumufika pachibwano." Ndinafunsa kuti mutu wake ndi waukulu bwanji. Anati, "Ngati lalanje."

Malalanje anali m'nyengo yake. Ndinatuma mdzukulu kukagula limodzi. Ndinatenga ulusi wofewa kuposa wonse umene tinali nawo, wa juzi yotuwa imene tinali titaichapa kale, n'kukhala pansi tochi nditaimangirira pamphumi ndi mphira. Ndinayamba ndi kabwalo ka maso 12, mzere wachiwiri 24, wachitatu 36, kumaonjezera choncho mpaka kabwalo kanaphimba pamwamba pa lalanje. Pamenepo ndinaleka kuonjezera n'kumangozungulira, chipewa n'kuyamba kutsika chokha ngati kachisa ka timba. Kawiri konse ndinaphwasula chifukwa manja ankanjenjemera ndipo ndinkamangitsa, pamene chipewa cha khanda chimafunika chotanuka. Sindinaikepo batani, mkanda kapena chingwe cha m'khosi, poti zimenezo pa khanda ndi ngozi. Tambala wachiwiri akulira, lalanje linali litavala chipewa, timasokosi tiwiri totalika ngati chala changa chachikulu tili pambali. Ndinakwera galimoto yoyamba.

Kuchipatalako ndinaona zimene ndinali ndisanaonepo. Amayi atagona chotsamira, aliyense khanda lake lili pachifuwa, khungu ndi khungu, atalimanga ndi chitenje ngati kubereka chakutsogolo. Amati chisamaliro cha kangaru. Namwino wina, ataona kuti ndikudabwa, anandifotokozera kuti mwana wobadwa masabata 37 asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, alibe mafuta okwanira m'thupi oti azimufunditsa, ndipo poti mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, kutentha kwambiri kumathawira kumeneko. Chifuwa cha mayi chimafunditsa thupi, koma mutu umatsala pamtunda. Ndiye ntchito ya chipewa imeneyo. Mwana wanga wa ku Kasungu, amene amakonda zowerenga, ndi amene anadzandiuza kuti njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, kumene makina ofunditsira ana ankaperewera ngati kuno, ndipo kwathu inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Anandiuzanso chinthu chimene chinandizizitsa nkhongono: lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Ine ndinkayesa kuti tsoka lagwera banja lathu lokha.

Sindikunena kuti chipewa ndicho chinakulitsa mwana. Anamwino anagwira ntchito, amake ankafinya mkaka n'kumamwetsa ndi kakapu usana ndi usiku, Mulungu naye anaikapo dzanja. Koma mwa makanda asanu ndi atatu amene anali m'chipindamo, atatu okha ndi amene anali ndi zipewa zowakwana. Ena anawakulunga mitu ndi mipango imene inkangosololoka, wina anamuveka sokosi ya bambo ake. Mayi wina wochokera cha ku Mkanda anagwira kachipewa kathu, kukatembenuza, n'kufunsa mayi akunyumba motsitsa mawu kuti, "Amayi, mwagula kuti?" Atamuuza kuti aluka ndi bambo awa, sanaseke. Anangondiyang'ana nati, "Agogo, wanganso." Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Masabata atatu amene anakhala kumeneko, ine ndi mayi tinaluka tizipewa 14, ndipo kumalo ogona magadiyani mayi anaphunzitsa anzawo anayi ndi masipoko amene ndinkabweretsa.

Tsiku lina amake mwana atatopa, anamwino anandiuza kuti ndivule malaya, n'kundimangirira kamdzukulu pachifuwa maola awiri. Kamtima kake kankagunda ngati ka njiwa, ndipo kachipewa kotuwa kaja kankandikhudza pachibwano. Sindinagwedezeke ngakhale pamene mwendo wanga wothyoka uja unachita dzanzi. Lero n'kamtsikana kothamanga, kolongolola, ndipo kachipewa kaja kakuvala ndi chidole chake.

Tsono amene akuti kuluka si kwa amuna andiuze: mphasa imene amagonapo anasoka ndani? Nkhokwe, dengu, lichero, mono wa nsomba, amaluka ndi amayi? Asodzi a ku Salima ndi Nkhotakota amakhala pamchenga tsiku lonse akusoka maukonde, palibe amawanena za khuzumule. Matelala ambiri a m'makonde mwa masitolo ndi abambo. Mwana wanga wa ku Kasungu uja anandionetsa pa foni Mngerezi wina, Tom Daley, katswiri wodumphira m'madzi amene anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021, atakhala pakati pa khamu la anthu akuluka, mpaka mendulo yakeyo anailukira kathumba. Koma sindikufuna kutsamira pa mzungu. Agogo anga aamuna ankaluka madengu ndi nsungwi, ine ndikuluka ndi ulusi.

Ndikuganiza kuti chimene chinanyozetsa luso limeneli ndi madoilo. A msinkhu wanga akukumbukira nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki m'zaka za m'ma 1980: doilo pa mpando, doilo pa tebulo, doilo pamwamba pa wailesi, mlendo kuchita kusowa pokhala poopa kudetsa. Anali okongola, sindikana, ndipo amayi ambiri analipirira ana fizi ndi madoilo omwewo sukulu za pulayimale zisanakhale zaulere mu 1994. Koma anatisiyira maganizo akuti singano iyi ndi yokongoletsera pabalaza basi. Fashoni itatha, anthu anataya singano pamodzi ndi madoilo. Ana anga aakazi omwe, obadwa kwa mayi woluka, anakula osagwirapo. Wachiwiri uja waphunzira atagonekedwa ndi khanda pachifuwa.

Kale kupulayimale atsikana ankaphunzira zosokasoka ndi zolukaluka, anyamata tikusema mipini ndi kupota zingwe. Lero zonsezi anaziunjika m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, magule ndi masewera. Mdzukulu wanga wa Sitandade 6, yemwe uja anakasiya singano ya agogo ake kuuna wa nkhululu, amatha kutchula pamtima zipangizo zolukira monga zilili m'kope mwake, koma ulusi anali asanaukokepo mpaka nditamupatsa ine. Aphunzitsi sindikuwadzudzula, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, ulusi augula ndi chiyani? Koma taonani zimene ndatchula pamwambapa: sipoko yakutha, chiguduli, jumbo, juzi yobooka. Palibe chodikira bajeti ya ku Capital Hill. Komiti ya sukulu itapempha wokonza njinga wapafupi singano 20, n'kuitana agogo awiri a m'mudzi Lachisanu masana, teremu imodzi yokha mwana aliyense, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, angatuluke ndi chikwama cha makope cholukidwa ndi manja ake. Nanunso amayi a Chigwirizano, a Dorika, a Chikatolika, a Mothers' Union, mumayendera odwala m'zipatala mutanyamula sopo ndi shuga, ndipo Mulungu akudalitseni. Onjezeraniko tizipewa ta saizi ya lalanje. M'mwezi wa Novembala mayiko amakumbukira ana obadwa masiku asanakwane, koma kuno Novembala ndi wa dzuwa loswa mtengo. Kuzizira kumabwera mu Juni ndi Julayi, ndiye kuluka kuyambe mu Epulo.

Ndisanamize munthu kuti alemera nazo. Ndamva ena akulalikira m'magulu a banki mkhonde kuti kuluka ndi bizinesi yotulutsa munthu mu umphawi. Ine ndayesa. Chipewa cha mwana wa chaka chimodzi chimanditengera maola atatu, koma ndikatchula mtengo wongofanana ndi paketi ya shuga, wogula amayamba kunenerera: "Achimwene, kaulusi komweka?" Pafupi pomwepo pali mulu wa zipewa za kaunjika ndi za ku China zotchipa kuposa ulusi wa m'sitolo. Kumata chubu kumandipatsa ndalama msanga kuposa kuluka. Ine ndimapindula pa zimene sindigulanso, ndi pa zimene sizipezeka m'sitolo ngakhale utanyamula ndalama m'thumba la feteleza: chipewa cha mutu wa lalanje, chovindikira cha jagi yako yeniyeniyo, chofewetsa pogwirira ndodo ya amalume. Koma inu ogula, mukapeza mayi atayala zoluka zake pamsika, musamunenerere ngati mukugula tomato wa dzana. Wakhalira pansi masiku.

Loweruka masana ntchito ikazizira, pansi pa mtengo wanga pamakhala ana asanu ndi mmodzi, anayi mwa iwo anyamata. Mmodzi ndi wamanzere, ndipo anandivutitsa mpaka ndinachita kumukhazika moyang'anizana nane kuti azinditsanzira ngati akudziona pagalasi. Tsopano akuluka mwachangu kuposa ine, ndipo mpira wake wa majumbo anaulukira chovala, sukuphwasuka ngati ija yomanga ndi luzi. Ulusi wachikasu umene uli pachithunzi chija unali wa chipewa cha nambala 63 kuwerengera kuchokera pa cha mdzukulu wanga, ndipo chinapita kale kuchipatala ndi namwino amene ndimamukonzera njinga.

Mnyamata wojambula uja, ngati amawerenga nyuzipepala, adziwe kuti chithunzi chake chinatuluka bwino, kungoti anandidula mapazi. Akadzadutsanso pa Kamwendo atsike, ndili pansi pa mtengo womwe uja. Abwere ndi juzi yakutha, sipoko ndimupatsa ndine.

Wokonza njinga,
Kamwendo, Mchinji